Dzina Limene Ndinalifafaniza

Adzukulu anga, mmodzi wa inu anabwera kudzandilonjera mwezi wathawu nkhope ili yakugwa. Anamusankha kupita ku yunivesite ku Zomba, koma pa maphunziro amene anamupatsa panali lina lotchedwa filosofi, ndipo anzake anali atamuseka kale kuti akukaphunzira kuyankhula yekha ngati wamisala. Anandifunsa kuti, "Agogo, kodi zimenezi zimadyetsa munthu?" Tsiku limenelo ndinamuyankha mwachidule chifukwa pakhomo panali alendo. Lero ndafuna ndimuyankhe bwinobwino, ndipo ndiyankhe nonsenu, ngakhale inu amene simudzapondamo m'kalasi ya filosofi, pakuti funso limene lili pamtima pa phunziroli lidzakupezani komwe muliko, kaya pa sikelo yogulira soya, kaya mu ofesi, kaya pa kabaza. Ine linandipeza ndili ndi cholembera m'manja.

Chinali chaka cha 2002. Amene munali musanabadwe mumangomva kuti kunali njala. Kwathu ku Kasungu anthu anadya gaga, gaga atatha anakumba zitsa za nthochi n'kuzisinja. Ana anasiya kubwera kusukulu, ndipo ochepa amene ankabwerawo ankagona tulo nthawi isanakwane n'komwe teni koloko. Kumapeto kwa Febuluwale boma linalengeza kuti dziko lagweredwa tsoka, ndipo patapita nthawi chimanga cha thandizo chinayamba kufika m'midzi. Amfumu anaitanitsa anthu pabwalo, mayina a mabanja ovutikitsitsa anatchulidwa masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akumva. Ine, poti ndinali mphunzitsi, anandipatsa ntchito yokawalemba bwino papepala loti lipite kwa obweretsa chimangawo. Malo anali owerengeka. Kuonjezera dzina kunali kuchotsa lina.

Usiku womwewo alamu anga, amuna a mlongo wanga, anaodira pakhomo. Anakhala nthawi yaitali osanena kanthu, chipewa chili pa bondo. Kenaka anati, "Alamu, ana a mlongo wanu agona ndi njala masiku awiri. Mwini mbumba ndinu. Cholembera chili ndi inu." Atapita ndinakweza nyali, n'kuyendetsa chala pa mayina aja kufunafuna dzina la munthu wopanda womuyankhulira. Ndinalipeza. Anali agogo ena okhala kumapeto kwa mudzi, chakudambo, amene ankalera adzukulu awiri amasiye ndipo sankadziwa kuwerenga. Ndinalifafaniza, n'kulembapo dzina la alamu anga.

Tsiku logawa agogo aja anabwera ndi thumba lopanda kanthu atalipinda m'khwapa. Anakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa, akutchera khutu dzina lililonse likamaitanidwa. Dzuwa litapendeka, galimoto italiza injini, anadzuka pang'onopang'ono n'kubwera pomwe ndinaima. "Aphunzitsi, kapena langa lili tsamba lina?" Ndinawayankha kuti mwina ulendo wamawa. Anagwada pang'ono, kuomba m'manja, nati zikomo. Thumba lija anabwerera nalo m'khwapa momwemo.

Palibe anandigwira. Palibe lamulo linandilondola. Mpaka lero ambiri kwathuko sadziwa. Tsono funso ndi ili: ngati palibe wondiona, palibe wondilanga, ndipo ana a mlongo wanga anadya, cholakwa changa chinali pati? Mtima unkandiuza kuti ndalakwa, koma mutu unali ndi mayankho khumi onditeteza. Kufufuza funso lotere mpaka pamizu pake, osalola kuti mtima kapena mutu ukunamize, ndiye filosofi imene mnzanuyo akuiopa.

Mawuwa ndi a Chigiriki, ndipo amatanthauza kukonda nzeru. Phunziroli lili ndi nthambi zingapo. Ina imafunsa za zimene zilipo: kodi munthu ndi thupi lokha, nanga mzimu n'chiyani? Ina imaphunzitsa kuyala mfundo kuti chomaliza chichokeredi m'zoyambirira. Ina imafunsa kuti chimene ukuti ukudziwacho wachidziwa bwanji, ndipo imeneyi musaipeputse. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo mwa onse oponya miyalawo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo munthu akupopa magazi a mnzake. Agogo ambiri m'midzi mwathu agendedwa ndi kuwotcheredwa nyumba powaganizira ufiti, ngakhale lamulo loletsa kunenera munthu ufiti lakhalapo kuyambira 1911. Munthu mmodzi wolimba mtima wofunsa kuti "mwadziwa bwanji?" akhoza kupulumutsa moyo. Koma nthambi imene ndikufuna tikhalepo ndi yofunsa za chabwino ndi choipa, imene m'mabuku amaitcha ethics, kuchokera ku liwu lina la Chigiriki lotanthauza khalidwe.

Mumzinda wa Athens munali munthu wina dzina lake Socrates, mwana wa mmisiri wosema miyala ndi mzamba. Sanalembe buku ngakhale limodzi; zambiri zimene timadziwa za iye analemba ndi wophunzira wake Plato. Ntchito yake inali kuyendayenda pamsika n'kumafunsa anthu otchuka mafunso ooneka opepuka. Msilikali ankamufunsa kuti kulimba mtima n'chiyani, wopembedza ankamufunsa kuti chiyero n'chiyani. Munthu akayankha, iye ankabweretsa chitsanzo chimene yankholo silikukwanira, mpaka woyankhayo azindikire kuti mawu amene wakhala akuwatchula moyo wake wonse sakuwamvetsa. Achinyamata anamukonda, akuluakulu ena anaipidwa naye. M'chaka cha 399 Yesu asanabadwe, ali ndi zaka pafupifupi 70, anamuzenga mlandu wosocheretsa achinyamata ndi wosalemekeza milungu ya mzindawo, ndipo anamuweruza kuti amwe chiphe. Anzake anakonza njira yomuthawitsa m'ndende, iye anakana, namwa. Chimodzi mwa zimene ankaphunzitsa n'chakuti wolakwira mnzake amapweteka kwambiri kuposa wolakwiridwayo, chifukwa wolakwiridwa wataya katundu kapena thanzi, pamene wolakwa waononga munthu wamkati mwake. Ndili mnyamata ku koleji ya aphunzitsi ndinkaona ngati n'zonena chabe. Nditaona thumba lija likubwerera m'khwapa ndinadziwa kuti nkhalamba ya ku Athens sinanene bodza.

Plato m'buku lake lotchedwa Republic anaikamo nthano yondikhudza ine ndendende. Mbusa wina wa nkhosa anatola mphete m'phanga limene linatseguka ndi chivomezi. Anapeza kuti akaitembenuzira mkati mwa dzanja, anthu samuona. Posakhalitsa analowa kunyumba ya mfumu, ananyenga mkazi wa mfumuyo, anapha mfumu, natenga ufumu. Wofotokoza nthanoyi, Glaucon, akufunsa kuti: mutapereka mphete yotere kwa munthu amene timamuti wolungama, kodi sangachite chimodzimodzi? Kapena chilungamo chathu chonse ndi mantha chabe oopa kuonedwa? Adzukulu anga, aliyense wa inu adzavala mphete imeneyi tsiku lina. Namwino amaivala usiku m'chipinda chosungira mankhwala. Kalaliki amaivala pa kompyuta, monga tinaonera mu 2013 pamene ndalama za boma zankhaninkhani zinatuluka polipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Msungichuma wa banki m'khonde amaivala, mlembi wa chopereka kutchalitchi amaivala. Yanga inali cholembera ndi nyali ya parafini. Khalidwe lanu lenileni mudzalidziwa tsiku limenelo.

Tsono anthu oganiza ayesetsa kupeza muyeso woti munthu azigwiritsa ntchito pamene palibe womuona. Ku England kunali Jeremy Bentham, ndipo pambuyo pake John Stuart Mill, amene anabadwa mu 1806 namwalira mu 1873. Iwo ankati yang'ana zotsatira: chochita chabwino ndi chimene chikubweretsa chimwemwe chochuluka ndi kuchepetsa masautso kwa anthu onse okhudzidwa, ndipo powerenga, mfumu ndi mlimi aliyense ndi mmodzi. Muyeso umenewu si wachabe. Dokotala amene ali ndi botolo limodzi la magazi ndi odwala atatu amaugwiritsa ntchito, ndipo boma logawa ndalama pakati pa misewu ndi zipatala liyenera kuugwiritsa ntchito. Koma ndikuuzeni mmene ine ndinaupindira. Usiku uja ndinawerenga pakamwa: kwa alamu anga kunali pakamwa zisanu ndi ziwiri, kwa agogo aja zitatu. Ndinadziuza kuti thumbalo likathandiza ambiri. Chimene sindinawerenge n'chakuti alamu anga anali ndi mbuzi ziwiri m'khola, anali ndi mphamvu zokagwira ganyu, ndipo koposa zonse anali ndi ine, munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi. Agogo aja analibe chilichonse mwa izi. Masamuwo sanalakwe okha. Wowerengayo ndiye anali atasankha kale yankho asanayambe kuwerenga. Mukadzaona kuti kuwerengera kwanu nthawi zonse kukuthera kokomera inu ndi abale anu, mudzabwerezenso, ndipo mudzaitane wina amene alibe nazo gawo kuti awerenge nanu.

Immanuel Kant, wa mumzinda wa Königsberg, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1724 mpaka 1804, anayenda njira ina. M'kabuku kake ka mu 1785 anaphunzitsa kuti usanachite kanthu, utchule poyera lamulo limene ukutsata, kenaka udzifunse ngati ungafune kuti munthu aliyense azitsata lamulo lomwelo. Langa likanamveka motere: wolemba mayina ali ndi ufulu wochotsa wopanda mawu n'kuikapo mbale wake. Alembi onse m'dziko muno atatsata zimenezi, kusonkhana pabwalo kukanakhala kutaya nthawi, palibe akanakhulupirira pepala, ndipo ine ndemwe, tsiku limene cholembera chili ndi wina, ndikanalira. Chinyengo changa chinatheka kokha chifukwa ena onse ankakhulupirira kuti mlembi alemba zoona. Ndinadya chikhulupiriro chimene ena anachilima. Kant anaonjezanso kuti munthu asamatengedwe ngati chipangizo chabe chokwaniritsira zofuna za wina, pakuti katundu ali ndi mtengo koma munthu ali ndi ulemu umene sugulidwa. Apa ndiye panandilasa kwenikweni. Agogo aja ndinawasandutsa mzere wa papepala woti n'kusuntha. Ndipo pamene anandifunsa, ndinawanamiza kuti asakhale ndi mpata wokadandaula kwa amfumu.

Sindikuti Kant mumumeze yense. Anafika ponena kuti bodza ndi loletsedwa ngakhale kwa chigawenga chimene chikufunsa komwe mnzako wabisala. Ine pamenepa ndimatsutsana naye. Ku Rwanda mu 1994 kunali anthu amene anabisa anansi awo m'denga ndi m'maenje, nanamiza onyamula zikwanje, ndipo ndikhulupirira kuti anachita bwino. Kutsutsana ndi munthu wamkulu chotere, uli ndi zifukwa zako m'manja, ndi gawo la phunziroli.

Amene anandithandiza kumvetsa mmene ndinafikira usiku uja ndi Aristotle, wophunzira wa Plato, yemwe anabadwa m'chaka cha 384 Yesu asanabadwe. Iye sanayambire pa chochita chimodzi, anayambira pa munthu wochitayo. Ankati khalidwe ndi luso limene limabwera pochita, monga mmisiri amaphunzira kumanga pomanga. Umakhala wachilungamo pochita zachilungamo mobwerezabwereza mpaka zikulowerere, ndipo umakhala wokhota m'njira yomweyo. Nditayang'ana m'mbuyo ndinaona kuti dzanja langa linali litazolowera kale. Ndinali nditaonjezerapo malikisi awiri atatu kwa mwana wa mnzanga kuti asabwereze kalasi. Ndinali nditatengapo choko ndi makope a sukulu kupita nawo kunyumba, ndikudziuza kuti aliyense amatero. Zinali zazing'ono, koma zinafewetsa dzanja, kotero kuti tsiku lalikulu litafika silinanjenjemere. Inu amene mukuonera mayeso lero, amene mukubweza chenje chosakwana kwa amayi anu akakutumani kumsika, dziwani kuti mukuphunzitsa dzanja. Aristotle ankanenanso kuti khalidwe labwino limakhala pakati pa kuchepekedwa ndi kupyola muyeso: kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kudziponya pangozi mosaganiza, kupatsa kuli pakati pa kuumira ndi kumwaza. Kupeza pakatipo kulibe sikelo; kumafuna maso a munthu amene waona zambiri ndipo amaganizira zimene waonazo.

Musaganize kuti zonsezi zinabwera pa sitima. Makolo athu anali nalo phunziroli, ndipo lili m'chiyankhulo chathu chomwechi. Munthu wankhanza timati "ameneyu si munthu", ngakhale ali ndi miyendo iwiri ndi dzina. Wachifundo timati "uyu ndiye munthu". Ndiye kuti kwa ife umunthu si chinthu chongobadwa nacho basi. Umakula, ndipo ukhoza kutayika. Timati kali kokha n'kanyama, tili awiri ntiwanthu. John Mbiti wa ku Kenya anafotokoza maganizo otere m'buku lake la mu 1969 lonena za zipembedzo ndi filosofi za mu Africa. Kuno kwathu Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa filosofi ku Chancellor College, analemba za mmene Achewa amamvetsera munthu, ndipo Augustine Musopole ndi Harvey Sindima analemba zambiri za umunthu. Mnzanu wopita ku Zombayo sakukaphunzira za alendo zokha.

Koma tamverani bwino apa, chifukwa ndi pamene ine ndinapunthwa. Alamu anga sanabwere ndi mawu a satana. Anabwera ndi mawu a mwambo, ndipo mawuwo anali oona: mwini mbumba ali ndi udindo pa ana a mlongo wake, chibale ndi fupa sichiola. Komatu makolo omwewo anatinso mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiponso chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Miyambi imakokana, ndipo siidzakuuzani yokha kuti lero woyenera ndi uti. Udindo wanga kwa mbumba unali weniweni, koma unayenera kulipiridwa kuchokera m'thumba langa. Ndikanagulitsa wailesi, ndikanagawa pakati ufa wa m'nyumba mwanga, ndikanapita kwa amfumu masana kukapempha kuti bwalo liganizirenso banja la mlongo wanga. Ine ndinasankha kulipira ngongole yanga ndi chimanga cha wina, n'kuchitcha chibale. Zambiri zimene zikudya dziko lino, ntchito zopatsana pachibale, malo a sukulu ogulitsidwa, makuponi olembedwa mayina a akufa, zimavala chovala chomwechi cha "kuthandiza wathu". Henry Odera Oruka, Mkenya wina wa filosofi, anayenda m'midzi kucheza ndi nkhalamba zanzeru, ndipo anasiyanitsa amene amangobwereza zimene mwambo umanena ndi amene amatha kuunika mwambowo n'kunena pamene wakhota. Ndikufuna inu mukhale a gulu lachiwirili. Lemekezani mwambo, koma muziufunsa mafunso. Safunsa anadya phula.

Ena mwa makolo anu amaopa kuti filosofi imachotsa mwana kwa Mulungu. Ndimawamvetsa, koma mbiri siikuwavomereza kwenikweni. Augustine wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, anali bishopu komanso katswiri wa filosofi. Thomas Aquinas anamanga maphunziro ake a chikhristu pogwiritsa ntchito Aristotle, ndipo Ibn Rushd, woweruza wa Chisilamu wa ku Córdoba, anathera zaka zambiri akutanthauzira mabuku a Aristotle yemweyo. Ine usiku uja ndinali mkulu wa mpingo, malamulo khumi ndinkawaloweza bwino. Kuloweza sikunandiletse, chifukwa ndinali ndisanadzifunsepo kuti "usabe" akutanthauza chiyani kwa munthu amene sanathyole nyumba ya wina aliyense koma wangosuntha dzina.

Za kudya, mdzukulu wanga, sindikunamiza: palibe amene adzakulipire chifukwa chodziwa chaka chimene Kant anabadwa. Koma ophunzira zimenezi amapezeka m'makalasi akuphunzitsa, m'manyuzipepala, m'maphunziro a zamalamulo, m'mabungwe, ndi m'makomiti amene amaunika kafukufuku wa zamankhwala asanayesedwe pa anthu. Chimene udzatuluke nacho ndi kutha kumva mfundo ya mnzako mpaka kumapeto, kuiyala bwino kuposa mwini wake, kenaka n'kuonetsa pamene yathyoka, ngakhale mfundoyo ikhale yako. Ukakafika kumeneko usakangoloweza mayina kuti ukhoze mayeso. Buku lililonse uziliyesa pa nkhani ya kwanu imene ukuidziwa fungo lake. Ndipo ukabwera ku tchuthi usadzanyoze agogo ako aakazi poti sadziwa Plato. Udzakhale nawo pamkeka, udzawafunse chifukwa chimene amakanira kudya okha mlendo ali pakhonde, ndipo udzamvetsere yankho mpaka lithe.

Ine zinanditengera zaka ziwiri kuti ndiyende mtunda wosakwana kilomita imodzi. Titakolola mu 2004 ndinamanga thumba la chimanga pa njinga n'kulowera kudambo. Ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde. Tinalonjerana, anandiyalira mkeka, ndipo ndinawauza zonse, osasiyako za alamu anga ngakhale za bodza la pansi pa mango. Sanasiye kusenda. Nditamaliza anati, "Ndinadziwa tsiku lomwelo, aphunzitsi. Poyankha munayang'ana nsapato zanu." Ndinawafunsa kuti anapulumuka bwanji. Anati anagulitsa mbale ndi mphika waukulu, ndipo mdzukulu wamkuluyo anamutumiza kukaweta ng'ombe za munthu wina kuti azikadya komweko. Sukulu anasiyira pomwepo, ali Sitandade 4. Mnyamatayo ndinamuona ali chakumbali akusema mpini, wamtali kale, ndipo sanandiyang'ane.

Chimanga analandira. Anandipempha kuti wamng'onoyo ndimuyang'anire kusukulu, ndipo ndinatero mpaka analemba mayeso a Sitandade 8. Wamkuluyo ndinamunyengerera kawiri konse kuti abwerere m'kalasi, anakana, akuti wakula sangakhale ndi tiana. Potsanzika tsiku limenelo agogo aja anatapa mtedza wosenda manja awiri n'kundithirira m'thumba la jekete. Ndinabwerera kunyumba ndikukankha njinga, mtedza ukugunda m'chiuno.